Moni wa bambo pakati pa zipolopolo

Bambo anga anakana Chipwitikizi moyo wawo wonse. Ankati ndi chilankhulo cha ku ofesi, ndipo mbatata zawo za ku Tsangano sizinawafunsepo chikalata. Mayi atamwalira ndinawatenga kudzakhala nane ku Canongola, mumzinda wa Tete, koma khosi lawo silinafewe.

Anawagonjetsa ndi mdzukulu wawo, mwana wamkazi wa achimwene anga, wobadwira ku Maputo. Chinyanja sachidziwa. Tikamuimbira foni ankangoti "Olá, vovô," kamoni ka Chipwitikizi kopita kwa agogo, kenako zii. Bambo ankabweza foni mwakachetechete, ndipo zinkandipweteka mtima.

Achimwene ndiwo anatiuza kuti mwanayo amamasuka pakamwa akamasewera ndi anzake pa intaneti, masewera aja owomberana mfuti. Ndinawaikira bambo masewerawo pa foni yanga n'kuwalowetsa m'gulu la mwanayo, ndikuseka. Iwo sanaseke.

Masana aliwonse, dzuwa la Tete likuwamba, ankakhala pa khonde n'kundifunsa: "Mwanawe, kumanzere amati chiyani m'Chipwitikizi? Nanga bisala?" Munthu amene sankayankha ngakhale moni wa bom dia anayamba kuloweza mawu ngati mwana wa katekisimu.

Vuto linali limodzi. Bambo salowa pagulu osapereka moni. Masewera akayamba, ana ena akuthamanga kufunafuna pobisala, iwo ankaima pa mtetete n'kuyamba: mwadzuka bwanji, kunyumba kuli bwanji, nanga makolo? Aliyense payekha, m'Chipwitikizi chothyokathyoka. Asanamalize anali atawomberedwa kale, gulu lonse n'kuluza.

"Ababa, kumeneku sapereka moni!" ndinawakalipira. "Mwanayu akuchotsani m'gulu."

"Ana a eni ake ndiwadutse ngati mbuzi?" anatero.

Ndinkaopadi, chifukwa anzake aja anali atayamba kung'ung'udza, ndipo khomo lina lofikira kwa mwanayo panalibe.

Tsiku lina ndikusankha tomato pafupi nawo, ndinamva mnyamata wina akukalipa m'foni kuti madalawa achoke. Bambo anaima pakati pa moni. Kenako mawu a mdzukulu wawo anamveka, akuthwa ngati a malemu mayi, akulankhula Chipwitikizi chothamanga: "Muwazungulire, muwatchinge! Agogo anga sanamalize kupereka moni."

Ndinasendera kuti ndiwamasulire monga mwa nthawi zonse. Anakweza dzanja osandiyang'ana, maso atadzaza misozi.

"Usavutike, mwanawe," anatero. "Ndamva ndekha. Wati agogo anga."