Tsiku Limene Kandege ka a Kinsley Kanasamba

A Kinsley, telala wa pa boda ya Mwanza, imvi zili mbuu koma amaseweretsabe tindege. Dalaivala wina anawabweretsera kandege kankhondo kuchokera ku Joni, kali zidutswazidutswa m'bokosi. Analumikiza miyezi iwiri, n'kumata timbendera m'mapiko, kenako n'kukadetsa dala ndi makala kuti kazioneka ngati kachokeradi kunkhondo.

Loweruka lina akazi awo, pokonzekera alendo a kumpingo, anakakwecha ndi sopo. Timbendera tonse tinatsalira m'beseni.

Bambowo atakaona anachita kukuwa. "Mayi a Peggy, anakutumani ndani? Litsirolo ndinapaka ndekha, sabata yathunthu!"

"Ndiye muzipakira kushopu kwanuko, osati pa kabati yanga!"

Panopa a Kinsley amakatsekera m'sutikesi, kiyi ali m'khosi. Ine ndikangofunsa kuti kasambanso liti, amandithamangitsa ndi sizasi.