Chinyumba cha Magalimoto Chimene Bambo Ankandikweza

Simenti yonyowa, utsi wa galimoto ndi mkodzo wa zidakwa. Fungo limeneli ndikangolimva ndimabwerera ku ubwana, ngakhale lero ndili ndi imvi. Ndi fungo la masitepe a chinyumba choimikamo magalimoto chimene bambo ankandikweza nyengo yachisanu ija tinakhala ku Mangalande, iwo atabwera kudzaphunzira za makina, ine ndisanayambe sukulu.

Tinkakhala m'chipinda chimodzi pamwamba pa shopu ya Mmwenye. Mayi anali oyembekezera. Tsiku lina m'mawa ambulansi inawatenga akubuula, ndipo kuyambira pamenepo bambo pakamwa panatsekeka. Masana ankandiveka jekete lofika m'mawondo, n'kundigwira dzanja mopweteka, ulendo wa ku chinyumba chija. Galimoto tinalibe, ngakhale njinga.

Chinali chotuwa ngati phulusa, chopanda penti, makoma ake mabowo okhaokha ngati zisa za njuchi. Msewu wa magalimoto unkazungulira kunja kwake ngati chigoba cha nkhono. Mphepo ikalowa m'mabowomo inkalira ngati munthu amene amutseka pakamwa. Magalimoto ndinkawaona akulowa ndi anthu, koma anthuwo kutuluka sindinkawaona. Ndiye mutu wanga wachibwana unagamula kuti chinyumbachi chimadya anthu, chadya mayi, ndipo bambo amabwera kudzachipempha chiwalavule.

Tikafika pamwamba, bambo ankavula chipewa m'chisanu chonse chija n'kuima pakhoma, maso mbali imodzi yokha. Ndinawafunsapo kamodzi ngati mayi ali m'menemo. "Khala chete, iwe. Zimenezi si za amuna," anatero osandiyang'ana. Tsiku lina mlonda wachizungu anabwera mwakachetechete, n'kuwagwira mkono mwamphamvu, akulankhula motsitsa ngati akunyengerera mwana. Anatitsitsa mpaka kumsewu osawasiya. Ine ndinasangalala kuti tapulumuka.

Mayi anabwerako atawonda, mimba palibe, mwana palibe. Palibe analira. Tizovala timene ankaluka tinasowa, ndipo nditafunsa ndinalandira khofi. Chisanu chitatha tinabwerera ku Kasungu, nkhani n'kufera pomwepo.

Bambo anamwalira kalekale. Ine ndinabweranso kuno ku Mangalande ndili wamkulu, kudzasamala nkhalamba ku Erdington, dera la mu Birmingham. Chaka chatha mayi, amene tsopano maso akuchita khungu, anandifunsa pa foni kuti: "Mwana wanga uja anamuika pati? Ndidziwe ndisanapite." Iwo panthawiyo anali chikomokere, ndipo bambo sanawauzepo, iwonso sanafunse. Ndinapsa mtima, sindibisa. Ndinatukwana munthu wakufa, foni ili m'manja. Dzina la chipatala mayi sankalidziwa. Chimene tinali nacho ndi chinyumba cha m'mutu mwangamu basi.

Ndinazungulira Birmingham yense pa ma off anga, chifukwa kwathu tinkangoti "tinali ku Birmingham." Ndinakwera zinyumba za magalimoto zambirimbiri, kukangana ndi alonda, osapeza kanthu. Kenaka Tadala, mwana wamkazi wa mchemwali wanga amene anaphunzira zojambula mapulani a nyumba, anati ndimujambulire. Ndinajambula zisa ndi nkhono pa katoni. Anayang'ana n'kuseka. "Ankolo, mukuvutikiranji? That's not Birmingham. Inu a kumudzi chilichonse chakuno mumangoti Birmingham." Ndinatsala pang'ono kumulalatira. Anati mabowo otere ndi dzanja la mmisiri mmodzi wa zaka za m'ma sikisite, mzungu amene ankakhulupirira kuti simenti izisiyidwa yamaliseche. Anatchula dzina lake, anandionetsa nkhope yake pa foni, kamdala ka magalasi kosaoneka ngati kangaopseze mwana. Pa zomanga zake zonse, cha nkhono chinali mumzinda wina, ku Coventry, kufupi ndi dera la Foleshill.

Tinapita. Chikadalipo, chang'ambika, akuti achigwetsa posachedwa. Ndinakwera mpaka pamwamba, n'kuima pakhoma pomwe ankaima bambo. Kutsogolo kunali manda, ndi kangodya ka kapinga kopanda miyala, kumene amaika makanda.

Ndili mwana ndinkati bambo akupempha chinyumba. Mlonda uja ankaganiza kuti akufuna kudziponya. Tonse tinaphonya. Kwathu nthayo, mwana wobadwa wakufa, amakaika ndi amayi okhaokha. Mwamuna sapondako, safunsa, salira. Kuno kunalibe amayi akwathu, ndiye anamuika ndi alendo. Bambo mwambo sakanauphwanya, kukhala m'nyumba sakanatha, choncho anapeza malo okwera oti aziona ali patali.

Mpaka pano ndimati bambo anali ouma mutu. Koma titafika pageti la mandawo, inenso mwamuna ndinalephera kupondamo. Ndinamupatsa Tadala foni kuti akalowe, akawauze agogo ake zimene akuona. Ine ndinatsala kumsewu.