Chitedze m'jekete la akapitawo

Nditabwera ku holide kuchokera ku sekondale, ndinapeza achemwali anga ali ndi mikwingwirima kumsana konse. Ankathyola tiyi pa esiteti, ndipo kapitawo wa gulu lawo ankawakwapula ndi chikoti akangopeza tsamba lokhwima m'dengu. Tiyi amafuna nsonga yokha, timasamba tiwiri ndi kamphukira. Achemwali maso awo sankaona bwino, choncho chikoti chinkawapeza pafupipafupi.

Kenaka tinamva kuti kukubwera mlendo, mmwenye. Osati wa sitolo ayi. Uyu anali wophunzira kwambiri, ndipo yunivesite ina ya kutsidya kwa nyanja inamutuma kuti adzafufuze mmene maboma amasamalira anthu a m'minda ya tiyi, kwawo ku Indiya ndi kuno. Mzungu wa esiteti analamula kuti tsiku limenelo zikoti zonse zibisidwe, akapitawo n'kupatsidwa majekete atsopano a khaki. Ine anandisankha kukhala womasulira, poti Chingerezi ndinali nacho.

Ndiye mlendo adzaone anthu akumwetulira, abwerere kwawo, achemwali azimenyedwabe? Mtima wanga unakana.

Mmawa wa tsikulo kapitawo anapachika jekete lake pa bulugamu n'kutsikira kumtsinje kukasamba. Ine ndinali nditathyola kale chitedze, nyemba zaubweya zija zoyabwa ngati moto, nditazikulunga m'tsamba la nthochi. Ndinapalira ubweya wonse m'khosi mwa jekete, m'khwapa, mpaka kumsana. Ndili chibisalire ndinamuona akulowetsa chikoti m'buluku n'kuphimba ndi jekete. Kusiyana nacho sakanatha munthu uja.

Mlendo anafika dzuwa litakwera, wamfupi, wa magalasi, mzungu ali pambali pake. Anafunsa, ine n'kumasulira: "Akapitawo, anthu anu akalakwa mumawalanga bwanji?"

"Iwe mwana wa sukulu, uwauze abwanawo kuti awa ndi ana anga. Timangolangizana."

Akulankhula choncho mapewa akuvina. Anadzikanda m'khosi. Anadzikhula pa mtengo. Thukuta litayamba, chitedze chinalusa, ndipo kumsana dzanja silinkafika. Anaiwala mzungu, anaiwala mlendo, anasolola chikoti n'kuyamba kudzikanda ndi chogwirira chake, uku akutukwana m'Chilomwe.

"Akapitawo," anafuula mayi wina wachikulire, "ana anu mumawalangiza ndi chimenecho?"

Munda wonse unafa nacho chiseko, koma achemwali ndiwo anasekera pafupi. Kapitawo anatembenuka n'kuwathira chikoti pakhosi. Achemwali anagwera m'tiyi, dengu likugubuduzika. Kapitawo anawaponda padzanja, nakwezanso chikoti. Mlendo anathamanga kukaima pakati, ndipo chikoti chinamupeza kumaso. Magalasi anaphwanyika, tsaya linang'ambika, magazi chuchuchu pa malaya oyera.

Apo amayi onse anatula madengu. Anamugwetsa kapitawo pakati pa mizere ya tiyi, wina ndi ndodo, wina ndi chibakera, wina anamuluma khutu. Ine ndinalumphira pamsana pake, iye n'kundimenya ndi chigongono pakamwa, dzino langa n'kuthothoka. Mzungu ankakuwa kuti ndimasulire zoti anthu asiye. Ndinamuonetsa mkamwa modzaza magazi. Womasulira wadwala, bwana.

Mlendo atagwira tsaya anapita kwa achemwali, napempha mwaulemu kuti aone kumsana kwawo. Anaona mikwingwirima yakale ndi yatsopano. Anatembenukira kwa mzungu, ndipo zimene anamuuza sizinafune womasulira.

Zimene anakalemba ku yunivesite kwake sindikuzidziwa. Chimene ndikudziwa n'choti kapitawo anachotsedwa sabata yomweyo, ndipo amene analowa m'malo mwake sanakhudzepo achemwali.

Amayi anga anazindikira ataona zala zanga zitatupa. "Iwe, chitedze chinayenda chokha kukalowa m'jekete la munthu?" Ndinati mwina ndi mphepo. Anandikwapula ndi nthambi ya pichesi mpaka inathyoka, achemwali akubisa nkhope m'chitenje kuti asaoneke akuseka.

Mpata wa dzino lija ulipobe. Ndimaimbira likhweru pomwepo, ndipo limamveka bwino kuposa kale.