Tsiku limene ndinazungulira munda wanga ndi foni

"Munthu akazungulira munda wako, usamufunse chimene akufuna. Watenga kale." Anandiuza choncho atsibweni anga tsiku limene ankandilozera malire a munda uno kuno ku Pembamoyo, ine ndili ndi mwana woyamba kumsana. Ankanena za mfumba, mankhwala aja okokera dzinthu za mnzako m'nkhokwe yako. Munthu amayenda m'mbali mwa munda mpaka kukafika pomwe anayambira, ndipo akatseka, chimanga chako chimangokula mapesi. Kutchalitchi amati zimenezi n'zachabe, ndipo Lamlungu ine ndimavomera. Masiku enawo ndimayang'ana mapazi m'mbali mwa munda.

Ndiye taganizani. Mdzukulu wanga, amene ndinamulera ndekha chimwalirire mayi ake, anapita ku Chipata kukaphunzira, n'kubwerako ndi ntchito yozungulira minda ya anthu.

Iye ndi atsikana anzake awiri anaphunzitsidwa ndi bungwe lina lothandiza achinyamata kuyamba timabizinesi ta mafoni. Anawabwereka mafoni awiri ndi kasola kotchajira. Ukayenda ndi foniyo mozungulira munda, imajambula mmene mundawo wakhalira n'kunena kuti ndi malima angati (lima ndi muyeso wa munda kuno kwathu, anayi amakwana hekitala), kuti mlimi agule mbewu ndi feteleza zokwanira, osati zongoganizira. Mlimi n'kulipira kangachepe.

"Si ufiti, ambuya," anatero. "Ndi setilaiti."

"Setilaitiyo ndi mwana wa yani?"

"Ili kumwamba."

"Za kumwamba zimene ndikuzidziwa ine sizifunsa kukula kwa munda."

Anaseka tsiku limenelo. Patapita masabata atatu anasiya kuseka. Munali mu Okutobala, anthu akukonza mizere, nthawi yeniyeni ya ntchito yawo, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anawalola. Ena ankati bwerani mawa. Ena ankati mwini munda wachoka, chonsecho mwini mundayo ndi amene akuyankhulayo. Kwina anawamasulira galu. Ine sindinadabwe, pakuti ndikanachita chimodzimodzi.

Kenaka unabwera uthenga wakuti mayi wa bungwe lija abwera Lachisanu kudzaona akuyeza munda pamaso pa anthu. Akapeza kuti alimi sakuifuna ntchitoyo, mafoni ndi kasola abwerera nazo, akapatse achinyamata a kwina. Mdzukulu wanga sanandibisire chimene chidzatsatire. Msuweni wake anali atamupezera kale ntchito ya m'nyumba ku Lusaka. Njira imeneyo ndi imene anayenda mayi ake. Anabwerako ataonda ngati bango, ndipo anatsirizikira m'nyumba muno, pamphasa yanga.

Lachitatu anandipeza ndikuswa mtedza wa mbewu. Anagwada.

"Ambuya, munda wanu."

"Ayi."

"Ngakhale ine, ambuya?"

"Iwe ndimakudziwa. Foniyo sindiidziwa, ndipo sindikudziwa amene imakawauza."

Anadzuka n'kutenga ndowa. Atapita kumjigo ndinalowa kuchipinda kwake, monga ndimachitira, n'kusuzumira pansi pa bedi. Chikwama chinali chitalongedwa kale. Pamwamba anaika chitenje cha mayi ake.

Lachisanu linafika ndi dzuwa loswa mtengo. Mayi uja anasiya galimoto pasukulu n'kubwera wapansi. Anthu anasonkhana pansi pa msuku umene uli pangodya ya munda wanga, chifukwa njira imadutsa pomwepo. Sanabwere kudzayezetsa, anabwera kudzaona. Panalinso bambo wa munda woyandikana ndi wanga, munthu amene chaka ndi chaka khasu lake limaterereka kulowa kwanga. Pofika chaka chimenecho anali atadya mizere iwiri. Anafika ndi khasu paphewa, ngakhale kuti panalibe cholima pamenepo.

Ndinamupatsa madzi mlendoyo n'kumuyang'anitsitsa. Anamwa onse. Munthu wa m'tauni womwa madzi a kumudzi osasuzumira m'kapu, ameneyo ndinamukayikira kwambiri.

Anafotokoza bwino, mwaulemu. Kenaka anafunsa kuti ndani ali wokonzeka kuti atsikanawa amuyezere. Wina anatsokomola. Mayi wina anayamba kukonza duku lomwe linali bwinobwino.

"Ayambe wa ambuya akewo," anatero bambo woyandikana nane, akuloza mdzukulu wanga. "Sing'anga weniweni amayamba walawa yekha mankhwala."

"Inu ndiye mukuopa chiyani, achimwene?" wina anamufunsa. "Kapena foniyo ikaulula mizere yobwereka?"

Anthu anaseka, koma iye sanaseke, ndipo ine sindinaseke. Mdzukulu wanga anaweramitsa mutu, foni ili m'manja. Mlendo uja anayang'ana wotchi, kenaka anayang'ana kasola kamene atsikana anakaika pamwala. Ndinaona diso lake likuyeza ngati kakwana m'chikwama.

Chimene chinandituma sindikuchidziwa, koma ndinamva mawu anga akutuluka.

"Amayi, foniyo imadziwa mapazi a munthu?"

"Mwati bwanji, ambuya?"

"Imadziwa kuti akuyenda nayo ndi uje, kapena uje?"

"Ayi. Imangotsata pomwe yadutsa."

"Nanga n'chifukwa chiyani ayende nayo ndi mwanayu? Bweretsa kuno, iwe."

Munthu sadzibera yekha. Mwini akazungulira munda wake, palibe chotuluka. Zimenezi aliyense pamenepo ankazidziwa, kupatula amene anapita kusukulu. Mlendo anayang'ana mdzukulu wanga, mdzukulu wanga anayang'ana anzake. Kenaka anadinadina n'kundiika foniyo m'manja.

"Musakhudze pagalasi, ambuya. Musadule njira. Pomwe mwaponda ndi pomwe ilembe."

Ndinayamba pamsuku. Foni inali yotentha ngati dzira lophika kumene, ndipo ndinaigwira kutali ndi chifuwa. Ndinatsika ndi mzere wa khonje umene anabzala atsibweni, ndinakhota pachulu, ndinadutsa pomwe pamadikha madzi m'dzinja. Ndinkangomva masamba ouma pansi pa mapazi anga. Kenaka ndinamva mapazi ena.

Anali bambo uja, akuyenda kumbali yake, molingana nane. Tinafika pamalo aja. Malire akale ndinkawaona bwinobwino, pali chitsa cha mthethe mpaka lero. Malire atsopano anali mizere iwiri m'kati mwanga.

"Pondani bwino, mayi," anatero chapansipansi, khasu atalitsitsa paphewa.

Ndinaima. Ndikaponda pachitsa, ayamba kukuwa, anthu athamangira kuno, ndipo mlendo aona kuti foniyi ndi yoyambanitsa anthu. Mawa lake palibe adzaikhudze. Ndikaponda m'kati, ndiye kuti ndalemba ndi mapazi anga kuti mizere ija si yanganso, ndipo zolembedwa kumwamba sindidziwa kozifufutira. Mizere iwiri ya mtedza, kuchokera pachulu kukafika kunjira, imene atsibweni anandilozera ndi dzanja lawo.

Kuchokera kumsuku kunamveka mawu a mwana uja, ang'onoang'ono. "Ambuya, musaime nthawi yaitali!"

Ndinaponda m'kati.

Sindinamuyang'ane bamboyo. Ndinayenda mzere wonsewo mano ali chilumire. Nditayandikira msuku ndinayamba kuyenda pang'onopang'ono, chifukwa kutseka ndiye kumene atsibweni ankanena. Ndinatchula dzina la Amayi Maria mumtima, n'kuponda pomwe ndinayambira.

Mdzukulu wanga analanda foni, anadina, n'kuitembenuzira kwa anthu. Pagalasi panali chinthu chonga khutu la ng'ombe. Ndinauzindikira, unali munda wanga, ndi pokhota pa chulu pomwe. Anati ndi malima atatu ndi theka.

"Atatu ndi theka?" anakuwa mayi wa duku uja. "Ambuya, si inu mumatiuza kuti asanu?"

"Enawo anapita ndi dzuwa," ndinayankha, ndipo ena anamva chimene ndinatanthauza.

Woyamba kutambasula dzanja anali bambo yemwe uja. Ankafuna kuti mizere yake yatsopanoyo ilembedwe msanga ndisanasinthe maganizo. Anayenda nayo foni monyada ngati wanyamula mtanda pa mdipiti. Atabwerako, ena atatu anali ataima kale pamzere. Mlendo anakhala pamwala n'kulemba nthawi yaitali m'kabuku kake. Anandifunsa dzina, ine sindinamuuze. Kasola anakasiya.

Papita mvula ziwiri tsopano. Atsikana aja alemba anzawo ena, anyamata ndi atsikana omwe, ndipo amafika mpaka ku Mlolo pa njinga. Lamulo lawo ndi limodzi: foni amanyamula mwini munda. Ndamva kuti mlendo uja amakaphunzitsa zimenezi kwina, kaya amanena kuti anazitola kuti. Mdzukulu wanga ali ndi kachipinda ku boma, pafupi ndi msika, kolembedwa pakhomo. Ku Lusaka sanapite. Chitenje cha mayi ake chinabwerera m'sutikesi yanga, ndipo kiyi ndimayenda naye m'chiuno.

Koma ku boma si pakhomo pano. Amabwera Loweruka, nthawi zina Loweruka linalo. Masiku ena onse ndimakhala ndekha ndi nkhuku. Mtedza wanga unachita bwino chaka chatha, ndipo pamjigo ndamva kale manong'onong'o akuti amene anayamba kuzungulira ndiye anakokera za anzake. Bambo uja amandipatsa moni wokoma kwambiri masiku ano, ndipo zimenezo sizindisangalatsa. Setilaiti ija mpaka lero sindikudziwa amene imakawauza.

Ndiye inu mukuwerenga izi, mukamadutsa njira ya kusukulu, mupatukeko. Nyumba yanga ndi yoyang'anizana ndi msuku. Odi muyambire kumsewu kuti ndikuoneni nkhope muli patali, ndipo mubwere ndi njira, osati m'mbali mwa munda. Ndikapanda kuyankha kawiri, kankhani chitseko. Mukapeza zina zitandichitikira, mukamuuze mwanayo, ali ku boma, si kutali.