Phala la mu Rediyeta

Amene adandiipitsira mbiri ndi alamu anga, amuna a chemwali anga aakulu, eni galaja ina pa Mitundu. Ndidagwira nawo ntchito zaka zinayi. Iwo ali ndi satifiketi ya umakaniko yopachika pakhoma. Ine sukulu ndidalekezera Sitandade 6, ndipo sankatopa kundikumbutsa.

Kudabwera galimoto yakale ya petulo, ya zija zokoka ndi matayala onse anayi, ya bambo ena achisilamu a golosale ku Nathenje. Ndi imene ankaperekera katundu m'midzi dzinja likasandutsa misewu matope. Rediyeta yake, ija isunga madzi oziziritsa injini, inkadontha. Ine ndidati tiichotse tiwotcherere. Alamu adati kumeneko n'kutaya nthawi. Adandituma kukagula mapulagi, ndipo pobwera ndidapeza kudontha kwasiya. Pambali pa tayala padali kambale ka ufa wa mgaiwa. Sindidafunse. Adali atapotokolanso disitibyuta, yogawira moto ku mapulagi, akuti iwo amatchera ndi khutu.

Patatha masiku anayi galimoto idabwera chokokedwa ndi thirakitala. Idawira pa chitunda cha ku Nkhoma, gasiketi ya pamutu pa injini n'kupsa. Pamaso pa eni ake ndi akabaza onse a pasiteji, alamu adandiloza chala.

"Pepani bambo, ndidasiyira Sitandade 6 uyu. Munthu wosatha kuwerenga geji ya kutentha kwa injini mungamutani?"

Ine ndine wa mtima wapachala, sindibisa. Sipanala imene idali m'manja idauluka n'kukaboola mgolo wa oyilo, ine ulendo. Mbiri idafika kunyumba ndisadafike. Sabata yonse palibe adandipatsa ntchito, ngakhale ya njinga yamoto. Akabaza akandiona ankati, "Wophika injini uja akudutsa, bisani makiyi."

Lolemba linalo ndidapalasa njinga mpaka ku Nathenje. Galimoto adali ataikokera kwawo, idali kuseri kwa golosale, nkhuku zitayamba kale kugona pansi pake. Bambo aja adati Loweruka kukubwera ogula zitsulo zakutha.

"Ndipatseni mpaka Lachisanu," ndidatero.

"Iwe si uja wa sipanala?"

"Ndine, bambo."

"Ukafuna kuitaya kuno, uyambe waona komwe kuli mabotolo anga." Adaloza mulu wa mabotolo pafupi ndi khomo. "Chabwino. Koma ukalephera, ndikukweza pa sikelo pamodzi ndi galimotoyo."

Ndidatsitsa rediyeta, n'kusungunula mtovu wa chivindikiro chake cha pamwamba. Fungo lokha lidandiuza. M'kati mudali phala, lofiira ndi dzimbiri, louma ngati zikhokho za m'poto. Ufa uja udatsekadi pobooka, koma udatsekanso timapaipi tonse todutsa madzi. Ndidawaitana bambo aja. Adagwira ndi chala, n'kununkhiza.

"Mgaiwa uwu," adatero. "Mwina ndi wa m'golosale yanga yomwe."

Ndidakokotera phalalo m'kabotolo n'kutseka. Kenako kapaipi kamodzikamodzi, ndi sipoko ya njinga yosula kuti iphwatalale, masiku awiri athunthu. Zala zidatupa. Lachitatu, ndikumasula mutu wa injini kuti ndiike gasiketi yatsopano, bawuti ina idadukira m'kati. Mkono udakwera wokha, sipanala ili m'mwamba. Bambo aja adangotsokomola pakhomo la golosale n'kuloza mabotolo. Ndidaitsitsa. Bawutiyo ndidaichotsa dzuwa litapendeka, pang'onopang'ono, ndikutukwana cha mumtima.

Moto sindidatchere ndi khutu. Ndidatenga kababu ka galimoto ndi mawaya awiri, monga ndidaonera kwa mkulu wina wokonza mathirakitala ku Malingunde. Umazungulitsa injini ndi dzanja, ndipo kababu kayenera kuyaka chizindikiro cha pa kagudumu ka injini chikangofika pamzere wake. Kadayaka chizindikiro chitapitirira kale. Moto unkachedwa, ndipo moto ukamachedwa injini imatentha ngakhale madzi akuyenda bwino. Alamu adaiphika ndi nkhuni ziwiri. Ndidaika mapointi atsopano, tizitsulo tija todula ndi kulumikiza moto, n'kubweza disitibyuta pamalo pake. Kutsogolo kwa rediyeta ndidamangirira fani yamagetsi yochotsa ku minibasi yakufa ya ku Diamphwe, kuti galimoto ikamakwawa m'matope mphepo isasowe. Madzi ndidathira amvula a mu mgolo, osati a pamjigo osiya mchere.

Lachisanu bambo aja atabwera ku mzikiti, tidapakira matumba a feteleza mpaka kumbuyo kudatsika. Adati tipite pomwepo pamene idawira. Injini idalira nditangopotokola kiyi kamodzi kokha. Pa chitunda ndidaika giya yaing'ono, maso pa geji. Muvi udakwera kufika pakati n'kuima. Tidadutsa pamtengo pamene idafera, muvi uli pomwepo.

"Geji yafa imeneyi," adatero bambo aja.

Pamwamba ndidaimika, n'kutsegula boneti. Adatsika, adamvetsera ngati m'kati mukubwata, adazungulira kufuna dontho pansi. Padalibe. Adakwera n'kumenyetsa chitseko.

"Petulo alipo. Tiye ku Mitundu."

Tidafika madzulo, msika usadabalalike. Ndidaimika pakhomo penipeni pa galaja, injini osazimitsa. Akabaza adayamba kusendera mmodzimmodzi. Alamu adatuluka akupukuta m'manja, ataona galimoto adayamba kumwetulira bambo aja ngati ntchitoyo ndi yawo. Ulendo uno sindidaponye kanthu. Ndidatulutsa kabotolo kaja, ndidakatsegula, n'kukaika pa boneti kuti aliyense aone.

"Alamu, ndakubweretserani phala lanu lija mudaiwala mu rediyeta. Geji ndaiwerenga mpaka pamwamba pa Nkhoma. Bwerani muiwerenge nanu, inu a satifiketi."