Nkhuku Yozondera Munthu Wosadwala

Loweruka lina mwezi wathawu kunyumba kwathu ku Katawa kunabwera nkhuku. Sinabwere yokha ayi. Inali m'khwapa mwa aNyaMhango, wapampando wa amayi a kumpingo kwathu. Pambuyo pawo panali amayi ena atavala zitenje zofanana, wina ndi nthochi, wina ndi buledi, wina atasenza kamtolo ka nkhuni. Kunja kunali kamvula kathu ka ku Mzuzu kaja, kongowaza koma konyowetsa mpaka m'kati.

Ine ndinali pakhonde, ndikuchapa yunifomu ya kusukulu.

"Odi kuno! Monire, mwana wane," anatero aNyaMhango monong'ona. Ndinadabwa, chifukwa mayi amenewa amagulitsa usipa mumsika, ndipo akamaitanira malonda mawu awo amakafika ku Chiputula. "Odwala adzuka bwanji? Anagonako?"

"Odwala ake ati, amama?"

Anandiyang'ana mwachisoni, n'kutembenukira anzawo aja. "Mwana sanamuuze. Achita bwino, angamusokoneze mayeso."

Nthawi imeneyo n'kuti odwalawo ali pabalaza, akukolopa kwinaku akuvina nyimbo ya pa wailesi.

Ndiyambe ndakufotokozerani bwino, owerenga anzanga. Ine ndimakhala ndi amayi anga aang'ono. Ndimawatchula kuti Anti, koma anthu onse amati amake Yami. Kwathu n'ku Zomba, kuno anabwera pantchito. Ndawapempha chilolezo cholemba nkhaniyi ndipo avomera. Angoti ndisalembe zoti analira, ndiye zimenezo sindilemba.

Anti ali ndi ana atatu, ndipo onse anawayamwitsa mpaka atayamba kuyenda ndi kuyankhula. Wotsiriza, Tamanda, wasiya kuyamwa chaka chomwe chino. Tsiku lina akuyesa diresi yopita nayo ku ukwati, anaima pagalasi nthawi yaitali, kenaka anati, "Ana atatuwa andisiyira mapatapata pachifuwa." Anaseka, inenso ndinaseka. Koma kuseka kwawo kunatha msanga kuposa kwanga. Ku ukwati kuja anapita atavala juzi, dzuwa likuswa mtengo.

Patapita masiku anapita ku chipatala china cholipira kukafunsa za opareshoni yokweza mabere amene agwa chifukwa choyamwitsa. Adokotala sanawanyengerere. Anawauza kuti imeneyo ndi opareshoni yeniyeni, yogoneka munthu tulo, yosiya zipsera, ndipo nthawi zina imavuta. Anawalangiza kuti adikire kaye thupi likhazikike, aganizirenso ngati zobereka atsekadi. Anawauzanso kuti akatswiri ake savuta kumva mbiri yawo pa foni, koma enieni odalirika amafunika kuwafufuza mofatsa. Anti anabwerako n'kunena kuti aganiza kaye. Nkhaniyi timaidziwa anthu atatu basi: iwowo, amuna awo amene ndimawatchula kuti Ankolo, ndi ine, poti akuti ndakula tsopano.

Nanga nkhuku inamva bwanji?

ANyaMhango anawaona Anti akulowa ku chipatala kuja. Lamulungu potuluka m'tchalitchi anawaimitsa Ankolo n'kuwafunsa kuti kodi kunyumba n'kwabwino. Tsono inu mukuwadziwa abambo athu. Bambo wovala tayi, ataima pabwalo la tchalitchi, pamaso pa mayi wa msinkhu wa apongozi ake, angatchule mawu oti mabere? Ankolo anatsokomola, anayang'ana nsapato zawo, n'kudzigwira pachifuwa. "Ndi nkhani ya opareshoni, amama. Ya apapa. Tikuganizirabe."

Basi. Kwathu kuno munthu sachitidwa opareshoni asakudwala, ndipo mayi akamanena za opareshoni ya pachifuwa aliyense amadziwa matenda amene akuopedwa. Pofika Lachitatu, amayi anali atagwirizana kale zodzazonda.

Amayi aja atalowa m'nyumba, Ankolo anakumbukira mwadzidzidzi kuti mayunitsi a magetsi atsala pang'ono kutha, ndipo anatulukira khomo lakuseri. Mayi wina anawalanda Anti chokolopera. "Mwe! Ndi matenda amenewa mukugwira ntchito?" Wina anawakhazika pampando, wina n'kuwafunditsa bulangete mpaka m'khosi. Nkhuku anaigoneka pakona itamangidwa miyendo. Kenaka anayamba nyimbo, motsitsa mawu, yokoma kwambiri moti ine ndemwe, wodziwa zoona zake, ndinayamba kuwamvera chisoni odwalawo.

Anti anandiyang'ana. Ndinaona kuti ali pamphambano. Akanangotsokomola pang'ono n'kunena kuti zikomo, akanalandira nthochi zawo mwaulemu, koma Lamulungu dzina lawo likanawerengedwa m'tchalitchi pamodzi ndi odwala enieni, ndipo bodzalo likanafuna kulidyetsa sabata ndi sabata. Akananena zoona, pofika Lolemba Katawa yense akanakhala akufunsana kuti mayi wa ana atatu akufuna kubwerera ku utsikana kuti aone ndani.

Inu mukanatani?

Pemphero litatha, aNyaMhango anasendera pafupi n'kuwagwira dzanja.

"Musaope, anyina Yami. Njira imeneyi ine ndinadutsamo. Langa lakumanzere linatsala kuchipatala kalekale, koma si uyu ndikugulitsa usipa? Tsiku lake likadzafika, gadiyani wanu ndine. Ndidzayala chitenje pansi pa bedi lanu, sindidzasuntha."

Apa m'pamene Anti analephera kupirira. Munthu ungamunamize bwanji amene wakuvulira chilonda chake? Anachotsa bulangete lija, analipinda bwinobwino, n'kuliika pamiyendo.

"Amayi, pepani chomene. Ine sindikudwala. Mabere anga agwa ndi kuyamwitsa, ndipo ndikadziyang'ana sindisangalala. Ndinapita kukafunsa adokotala ngati angakwezedwe. Nkhani yake ndi yomweyo."

M'nyumba munangoti zii. Ngakhale wailesi ndinali nditazimitsa. Amene anayankhula koyamba ndi nkhuku.

"Abambo ndi amene akudandaula eti?" anafunsa mayi wa buledi uja. "Amuna awa! Iwo mimba ili apo ngati ng'oma, ndani amawauza kuti akadulitse?"

"Ayi, iwowo akuti ndili bwinobwino. Ndine ndekha."

"Koma si mmene Mulungu anatilengera?" anatero mayi wa nkhuni, milomo ataikweza. "Bere ntchito yake n'kuyamwitsa. Lagwira ntchito, lapuma. Chavuta n'chiyani?"

Ndiye aNyaMhango anaphulika nako kuseka. Osati konong'ona kuja ayi, koma kwa mumsika, kogwedeza mawindo.

"Ine ndasiya usipa wanga pabenchi! Loweruka, tsiku la malonda! Kudzazonda munthu woti ali nawo onse awiri!"

Amayi anaseka mpaka kugwirana mapewa. Anti nawo anaseka, ndipo apa m'pamene panachitika zimene ndinalonjeza kuti sindilemba zija.

Atapukuta m'maso, aNyaMhango anafunsa mwamphamvu, "Koma anakuyezani? Chotupa mulibe?"

"Anandiyeza, amama. Mulibe."

"Yewo, Chiuta. Chachikulu n'chimenecho." Kenaka anadzisisita kumanzere kwa chifuwa. "Mukudziwa muno muli chiyani? Sokosi ya malemu amuna anga. Ndinathiramo mpunga wa ku Karonga n'kusoka. Njala ikadzavuta ndidzaphika."

Amayi anasekanso, koma iwo anapitiriza mofatsa. "Nditatuluka m'chipatala aliyense ankandiuza kuti thokozani muli moyo. Ndimathokoza m'mawa uliwonse. Koma mpaka lero palibe amene anandifunsapo ngati ndimalisowa. Ndimalisowa, amayi. Ndikamavala ndimalisowa."

Mayi wa buledi anangoyang'ana pansi, ndipo ndikukhulupirira kuti wakhala nawo pabenchi limodzi m'tchalitchi zaka zambiri.

"Tsono inu anyina Yami," anatero aNyaMhango, "ine mpeni wa adokotala sindiufunanso, ngakhale atati ndi waulere. Koma thupi ndi lanu. Funsani mofatsa, musathamangire aliyense amene mwamuona pa foni. Mukadzati mukupita, gadiyani ndinebe. Mukadzati mwasiya, tiyeni ku kaunjika. Kuli mayi wina amagulitsa makamisolo odzutsa ngakhale ogona tulo tofa nato."

Chichitikireni zimenezi ndakhala ndikuganiza, mpaka aphunzitsi a masamu anandifunsa ngati ndili m'kalasi kapena ku Nkhata Bay.

Taganizani za minibasi. Mwana akangolira pang'ono, galimoto yonse imasanduka alangizi. Kondakitala, agogo a kumbuyo, bambo wowerenga nyuzi, onse pamodzi: "Mpatseni bere mwanayo, mayi!" Palibe amachita manyazi, ndipo n'zoyenera kutero. Chimenechi n'chinthu chimodzi chimene ndimanyadira kwathu kuno, kuti mayi amayamwitsa mwana pamsika, m'tchalitchi, pamzere wa kubanki, popanda womuthamangitsa.

Koma mwana uja akasiya kuyamwa, bere lomwelo limasanduka mawu osatchulika. Bambo wamkulu amathawira ku mayunitsi. Mayi akati sakusangalala ndi mmene thupi lake lasinthira, timamuuza kuti akuchita matama. Pamene tikumuletsa kudandaula, ndife tomwe timaseka nthabwala za mapatapata pa maukwati ndi m'magulu a pa foni. Kodi si zachilendo zimenezi? Kumuseka tikuloledwa, koma iye kunena kuti zikumupweteka n'kulakwa?

Ndipo musaiwale kuti ife atsikana timamva. Kusukulu amatijambulira chithunzi pabolodi, n'kutiuza kuti tilembe mayina a ziwalo. Mayeso ake timakhoza. Koma palibe amatiuza kuti thupi la mayi likabereka limasintha, kuti ena sizimawakhudza n'komwe, ena zimawawawa mumtima, ndipo onsewo si openga. Zimenezi timaziphunzira ku nthabwala za anyamata a pa siteji ya kabaza ndi ku zithunzi zokonzedwa za pa foni. Aphunzitsi oipa onse awiri.

Musandimve molakwa. Ine sindikuitanira malonda a opareshoni. Kunena zoona ndimaopa. Ndinawauza Anti kuti ine ndikanakonda asapite, chifukwa ndimawaona okongola ngakhale atavala juzi lija, komanso sindifuna kuwaona atagona pabedi la chipatala pa chinthu choti sichikuwapha. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Ndamva, mwana wanga. Maganizo ako ndawasunga." Sanandilonjeze kanthu. Poyamba zinandinyansa, koma pano ndikuona kuti anachita bwino. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Ife ena tingathe kumuunikira njira, kumuchenjeza za dzenje, ngakhale kumuuza kuti kunja kukuzizira. Koma m'mimbamo si mwathu.

Chimene chikundipatsa chiyembekezo n'choti amayi aja sanachoke msanga. Ndinawaphikira tiyi, tinadya buledi wa odwala uja, ndipo nkhani zinayamba kutuluka. Wina anati mimba yake ili ndi mizere ngati munda wolimidwa kumene, ndipo amainyadira. Wina anaulula kuti chibadwire mwana wake wachiwiri sanadziyang'anepo pagalasi lalitali. Wina anafunsa aNyaMhango kuti chotupa chija anachizindikira bwanji, ndipo iwo anaimirira n'kuwaonetsa onse mmene munthu amadziyezera yekha. Amayi amene amapemphera limodzi sabata iliyonse, nkhani zimenezi anali asanakambiranepo. Zinatengera manyazi a Ankolo kuti zikambidwe.

Si onse anagwirizana nazo, ndisakunamizeni. Mayi wa nkhuni uja anatsanzika msanga, ndipo potuluka anasenzanso kamtolo kake. Lolemba nkhani inamvekadi m'Katawa. Wina pa mpopi anandifunsa kuti, "Anti ako akuti akufuna kukhala namwali?" Ndinayankha kuti akufuna kukhala Anti, n'kunyamula ndowa yanga. Anti amapitabe kuntchito mutu uli m'mwamba, ndipo Lamulungu anakhala pabenchi lawo la nthawi zonse, pafupi ndi aNyaMhango.

Koma ndibwerere kwa mlendo wathu uja.

Amayi akunyamuka, Anti anatola nkhuku ija pakona n'kuwapatsa aNyaMhango. "Amama, tengani. Imeneyi ndi ya odwala, ine sindiyenera."

"Iyayi! Munaona kuti nkhuku yozondera ikubwerera kwawo? Anthu angati wodwalayo tamupeza atapita. Isungeni. Komanso munthu amene wavala juzi padzuwa chifukwa cha chisoni, ameneyo ngofunika kumuzonda ndithu. Tangochedwa kubwera."

Ankolo anatulukira alendo atapita, opanda mayunitsi, atanyamula chinanazi. Anti anawayang'ana n'kunena kuti, "Bambo a Yami, tanenani kuti mabere." Ankolo anatsokomola. Mpaka lero akuyeserabe.

Nkhuku ija tinaimasula. Yami waipatsa dzina loti Gadiyani, ndipo ikuyendayenda pabwalo ngati nyumba ndi yake. Anti alamula kuti isaphedwe mpaka tsiku limene adzamange mfundo, kaya yopita kaya yosiya, ndipo tsiku limenelo adzaitana amayi onse aja, ndi wa nkhuni yemwe, kudzadya nawo. Mmene ndikuonera, sakufulumira. Gadiyani akunenepa, ndipo dzulo ndamuona akufunafuna poikira mazira.

Tsono ndikufunseni, inu amene muli ndi mayi, mlongo kapena mkazi amene anayamwitsa ana mpaka kukula. Munamufunsapo mmene iye mwini amalionera thupi lake, n'kudikira yankho osamudula pakamwa? Kapena nanunso mukudikira kumva kuti kuli opareshoni, kuti mugwire nkhuku?