Nsapato Pakhomo pa Che Saidi

Linali Lamulungu loyamba la mwezi wa Juni, cha m'ma 8 koloko m'mawa, chaka chachiwiri chibwerereni kuchokera ku Malawi. M'bairo yathu, kamudzi ka kunja kwa tauni ya Cuamba, munkamveka fungo la fumbi lowazidwa madzi ndi utsi wa zinyalala zimene mayi anasesa pabwalo. Tinkadikira abusa a Luterana ochokera ku Mandimba, odzatibatiza anafe ndi kudzaona ngati mabanja ochepa obwerera kwawo angatchedwe mpingo. Lole yawo inkabwerera masana. Akanatiphonya, tikanadikira chaka china.

Tchalitchi tinalibe. Tinkapemphera m'chisakasa cha che Saidi, Myao wa Chisilamu woyandikana nafe, woluka mphasa. Ankatiyalira zatsopano zomwe ankagulitsa, ndipo ananena kamodzi kokha: "Mulungu wanu sindimuletsa, koma nsapato zanu ndaletsa." Choncho tinkavula n'kuzindandalika pakhomo.

Abusa anafikadi, akufunsira njira. Ataona nsapatozo, ndi mkulu wovala kofiya ataima pomwepo, anayesa ndi mzikiti. Anapereka moni mwaulemu n'kupitirira. Ife m'katimo tinali chete, poti mayi anati nyimbo isayambe abusa asanafike.

Dzuwa litakwera, mayi anayamba kupukuta maso ndi chitenje. Che Saidi anasuzumira.

"Mayi, abusa anuwo amavala jekete lakuda, chikwama kukhwapa?"

"Kaya, bambo. Sitinawaonepo."

"Ndiye andipatsa salamu kalekale."

Anakwera njinga osavala ngakhale patapata. Anawapeza abusawo pamene pamaima malole, phazi limodzi lili kale patayala, nawabweretsa kumbuyo kwa njinga, thukuta lili kamukamu.

"Anthu anu ndi awa," anatero che Saidi. "Koma nanunso muvule."

Abusa anatibatiza ali ndi masokosi okha, limodzi lobooka pachala chachikulu.

Lero tili ndi tchalitchi cha njerwa, ndipo mabenchi sakwana. Ena amaimba Chinyanja, ena Chimakuwa. Che Saidi anamwalira tisanafolere. Ana anga akafunsa amene anayambitsa mpingowu, ndimatchula mayi, kenako iwo.

M'mawa mwake mwa ubatizowo ndinawaona che Saidi akutsikira kudambo, chikwanje paphewa. Mayi anawafunsa kumene ankapita.

"Kukadula bango. Mwayamba kuchuluka inu. Mphasa zitatu sizikukwananinso."